Zilembo zosewera zilembe dzina, zisalembe mtengo

Mwezi watha ndidaima pa benchi la mayi wina amene amagulitsa chiponde, uchi ndi tsabola wam'botolo pafupi ndi depoti ya mabasi ku Lilongwe. Ndakhala ndikugula kwa iwo kwa zaka zingapo, kuyambira nthawi imene mabotolo awo adalibe dzina ndipo umazindikira chiponde ndi maso okha. Tsikuli ndidapeza zinthu zitasintha. Mwana wawo wamkazi, yemwe ali ku koleji, adawakonzera lebulo pafoni n'kukasindikiza m'tauni. Botolo lililonse lidali litavala. Zilembo zake zidali zonenepa, zopendekera pang'ono, zogwirana manja ngati ana a sukulu ya mkaka akamaimba, ndipo michira ya zina idali yopiringizika mokoma. Ndidawayamikira, ndipo sindidaname. Benchi lidaoneka ngati shelefu ya m'sitolo yaikulu.

Ndili chiimire, padafika bambo wina atanyamula chikwama cha paulendo. Adatola kabotolo ka tsabola, n'kukatembenuza, n'kuyang'ana pamene padalembedwa mtengo. Nkhope idachita tsinya. Adakabweza pamalo pake mwaulemu n'kumapita, osafunsa kanthu. Nditatola kabotolo komweko ndidaona chimene chidawathamangitsa. Mtengo udali K1,800, koma 1 wa zilembo zokongolazo ali ndi kamutu kotalika kogwera kumanzere, moti ukayang'ana mothamanga umaona K7,800. Mayiwo sadadziwe kuti ataya kasitomala, ndipo sindikudziwa kuti ndi angati adachoka chotero sabata imeneyo. Munthu amene waona kuti mtengo wakwera pang'ono amanenerera. Amene waona kuti mtengo ndi wamisala sanenerera, amangochoka mwakachetechete.

Ndiye sabata ino tisiye kaye za mitengo ya chimanga ndi soya, tikambe za zilembo. Amalonda ambiri tsopano akudzikonzera okha malebulo, zikwangwani ndi timapepala totsatsira malonda, ndipo pafupifupi aliyense akuthamangira zilembo zooneka ngati zolemba pamanja. Zilembozi zili ndi ntchito imene zimaigwira bwino koposa zina zonse. Zilinso ndi ntchito imene zikaigwira zimakudyerani ndalama.

Kumene zidachokera

Osindikiza amati fonti, kutanthauza mtundu wa zilembo umene mumasankha pakompyuta kapena pafoni. Mafonti otengera dzanja la munthu ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zilembo zowonda, zaulemu, zokhala ngati zalembedwa ndi mlembi wakale wa ku mishoni. Izi mumaziona pa makadi aukwati ndi pa masatifiketi. Gulu lachiwiri, lomwe ndi nkhani yathu, ndi la zilembo zosewera: zonenepa, zozungulira, zooneka ngati munthu waviika bulashi mu penti n'kulemba mwachangu ali wokondwa.

Chitsanzo chimene ambiri mwachionapo, ngakhale simukuchidziwa dzina, ndi Pacifico. Adaikonza ndi Vernon Adams, katswiri wa ku England, mu 2011, potengera zilembo zomwe zinkalembedwa pa zikwangwani za m'mbali mwa nyanja ku America m'zaka za m'ma 1950, kumene achinyamata ankasewera pamafunde ndi matabwa. Mzere wa chilembo chilichonse ndi wonenepa pafupifupi mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngodya zake n'zofewa, ndipo zilembo zazikulu zili ndi malupu otakasuka. Ina yotchuka ndi Lobster, ya Pablo Impallari wa ku Argentina, ya mu 2010. Iyi ndi yakuda bii, yothinana, yolemera kuposa inzake. Zonse ziwiri zili pa Google Fonts ndipo n'zaulere, n'chifukwa chake mukuziona pa mabokosi a keke, pa zitseko za masaluni ndi pa mabotolo a juwisi kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga.

Koma zidayamba kale kompyuta isanabwere. Brush Script, imene imapezeka m'makompyuta ambiri okhala ndi Microsoft Word m'timashopu tolembera makalata, adaikonza ndi Robert E. Smith mu 1942 ku kampani ya American Type Founders. Mistral ndi ya mu 1953, ndipo Roger Excoffon wa ku France adaitengera pa dzanja lake lenileni. Masiku amenewo chilembo chilichonse chidali kachitsulo kakekake kofoleredwa pamzere, choncho kupangitsa kuti zitsulozo zioneke ngati mzere umodzi wa inki wosaduka idali ntchito ya ukatswiri weniweni. Amene ankazigula kwambiri adali otsatsa malonda. Kuyambira pachiyambi, izi zidali zilembo za pamsika.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Zilembo zowongoka za makina zimanena kuti kumbuyo kwa katunduyu kuli ofesi. Zilembo za pamanja zimanena kuti kumbuyo kwake kuli munthu. Mukamagulitsa chiponde chimene mwakazinga nokha mtedza wake, kapena keke yomwe mwaphika m'khitchini mwanu, chimene muli nacho choposa fakitale ndi chimenecho, choti pali dzanja lanu. Makampani akuluakulu amalipira ndalama zambiri kuti aoneke chomwecho. Dzina la Coca-Cola lidalembedwa koyamba ndi Frank Robinson, wowerengera ndalama wa John Pemberton ku Atlanta, kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, m'kalembedwe kotchedwa Spencerian komwe alembi a m'maofesi a ku America ankagwiritsa ntchito nthawi imeneyo. La Cadbury lidachokera pa siginecha ya William Cadbury.

Tsono tengani botolo la Coca-Cola m'golosale mwanumo muliyang'anitsitse. Cholembedwa mopotokola ndi dzina lokha. Kuchuluka kwa chakumwacho, zimene zili mkati, tsiku lothera mphamvu, zonsezo zili m'zilembo zowongoka zopanda mchira. Anthu amene akhala akugulitsa chinthu chimodzi kwa zaka zoposa 130 adaona kale pamene zilembo zosewera ziyenera kulekezera. Mwana wa mayi wa chiponde uja adalemba nazo chilichonse, kuyambira dzina mpaka nambala ya foni.

Vuto la Chichewa chathu

Pali chinthu chimene okonza mafonti ku England ndi ku Argentina sadachiganizire, chifukwa sichidawakhudze. M'zilembo zolumikiza, m, n, u, w ndi i zimapangidwa ndi kamzere kofanana, kokwera ndi kutsika. Pachingerezi zilembo zimenezi sizikumana pamodzi kawirikawiri. Pachichewa ndiye chakudya chathu cha tsiku ndi tsiku. Lembani Chimwemwe m'fonti yolumikiza, muime patali mamita asanu. Muona C ndi h, kenako mizere ngati munda wolimidwa kumene. Mwawi, Mwayiwanu, Umunthu, Chikumbumtima, onsewa amasanduka mafunde. Amene akudziwa kale dzina la shopu yanu aliwerenga, chifukwa sakuwerenga, akungokumbukira. Mlendo amene mukufuna kumukopa ndiye amavutika.

Maina okhala ndi zilembo zotalika kumwamba kapena zolendewera pansi, monga k, l, t, d, h, y, g ndi z, amakhala bwino kwambiri. Takondwa, Dalitso, Yankho, Tadala, Zikomo: zilembo zotalikazo zimadula mafunde aja, diso limapeza pogwira. Ngati simudasankhebe dzina la bizinesi ndipo mtima wanu uli pa zilembo zosewera, yesani maina anu onse pafoni musanapite kukalembetsa ku ofesi ya Registrar General. Ngati dzina lilipo kale ndipo ndi la mtundu wa Chimwemwe, musalisinthe chifukwa cha fonti. Sankhani fonti ya pamanja yomwe zilembo zake sizigwirana, chilichonse chili pachokha monga amalembera mwana wa Sitandade 2. Chisangalalo chake chimatsala, mafunde amachoka.

Ena akaona kuti dzina silikuwerengeka amathawira ku zilembo zazikulu zokhazokha. Apa ndiye amaonjezera moto. Zilembo zazikulu za mafonti amenewa zidakonzedwa kuti ziime kumayambiriro kwa mawu, chimodzi basi, ndi malupu ake onse. Mukazifoletsa zisanu ndi ziwiri pamzere zimakolana ngati mpanda wa minga. T amaoneka ngati J kapena F, Z amaoneka ngati 3, ndipo maina athu ambiri amayamba ndi T ndi Z omwewo. Ndidaonapo chikwangwani cha malo odyera m'mbali mwa msewu wa M1 cholembedwa motero. Ndidachita kufunsa mnyamata wogulitsa nzimbe pafupi kuti pamenepa palembedwa chiyani, ndipo iye adandiuza dzina la mwini malowo, osati lolembedwalo.

Palinso kachizindikiro ka m'mawu ngati ng'ombe, ng'oma ndi m'mudzi. M'zilembo zolumikiza kamadula mzere pakati, ndipo m'mafonti ena kamakhala kakang'ono moti posindikiza kamasowa. Wa butchala amene walemba ngombe anthu amumvabe, koma amuseka. Chimodzimodzi ŵ wa kadenga, amene ena amamulembabe m'mawu monga Malaŵi. Mafonti ambiri aulere alibe chilembo chimenechi. Mukachilemba, kompyuta imaika kabokosi kopanda kanthu kapena imabwereka ŵ wa fonti ina, ndipo amaonekera ngati dzino lagolide. Chiyankhulo cha ku Wales chimagwiritsanso ntchito ŵ, choncho mafonti okonzedwa mosamala kuti atumikire ziyankhulo zambiri za ku Ulaya amakhala naye. Njira yodziwira ndi imodzi: mulembeni muone, musanalipire.

Manambala

Apa ndi pamene ndalama zimatayikira. Manambala a m'mafonti osewera adakonzedwa kuti akongole, osati kuti awerengedwe ndi munthu wothamangira basi. 1 amayandikira 7. 4 wotseka pamwamba amayandikira 9. 0 wokhala ndi kamchira amayandikira 6. 5 amafanana ndi S. K wa kwacha akagundana ndi nambala yoyamba, kapena kachizindikiro kolekanitsa masauzande kakamira mumchira wa nambala ina, K2,500 ikhoza kuoneka ngati china chilichonse.

Pa mtengo, kulakwitsa kumathera pa kasitomala wothawa kapena mkangano wapabenchi. Pa nambala ya foni zimaposa apo. Masiku ano ambiri amalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo nambala ya manambala khumi ikalakwika pamodzi pokha ndalama zimapita kwa munthu wina amene simudzamuona. N'zoona kuti dzina la wolandira limaoneka musanatsimikize, koma kasitomala watsopano sadziwa dzina lanu la pachiphaso, amangodziwa dzina la bizinesi. Ndalama zikasochera, iye amati walipira, inu mumati simudalandire, ndipo ngakhale zitabwezedwa pambuyo pake ubale wathera pomwepo. Nambala ya foni, nambala ya ejenti ndi nambala ya akaunti ya kubanki zilembeni m'zilembo zowongoka, zonenepa, zotalikirana, ndipo muzigawe m'timagulu ta manambala atatu kapena anayi kuti diso lipume. Chosangalatsa n'chakuti Vernon Adams yemwe uja adakonzanso fonti ina yotchedwa Oswald, yowongoka ndi yothina, yaulerenso, imene imakwana bwino pa lebulo yaing'ono. Arial ya m'kompyuta iliyonse nayonso imagwira ntchitoyi popanda vuto.

Ine ndingapitirire apo n'kunena kuti mtengo usasindikizidwe n'komwe pa lebulo kapena kupakidwa ndi penti pa chikwangwani. Tonse tikukumbukira November 2023, pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene adali ndi malebulo mazanamazana olembedwa kale mtengo adayamba kufufuta ndi bolopeni, ndipo palibe chimene chimachotsa ulemu wa katundu ngati mtengo wofufutidwa. Kasitomala amaona mtengo wakale pansi pa inkiyo n'kumamva ngati mukumubera. Siyani kabokosi koyera pa lebulo, muzilembamo ndi maka. Pa shopu, khomani kabolodi kakuda muzilemba ndi choko. Amayi a tomato ndi kabichi ku Lizulu akhala akulemba mitengo pa zidutswa za katoni kuyambira kale, ndipo ndi ochepa amene adawerengapo molakwa, chifukwa munthu akamalemba nambala ndi dzanja lake kuti agulitse amailemba yaikulu ndi yomveka. Ndi kompyuta yokha imene imalemba nambala mokometsera.

Kwa amene mukuika chakudya m'mabotolo ndi m'mapaketi pali nkhani inanso. Mukafuna kuti katundu wanu alowe m'masitolo akuluakulu, mudzadutsa ku Malawi Bureau of Standards, ndipo lebulo ndi chimodzi mwa zimene amayang'ana: dzina la chakudyacho, zimene mwaikamo, kulemera kwake, dzina ndi keyala ya wopanga, tsiku lothera mphamvu. Zimenezi ziyenera kuwerengeka mosavuta. Pali anthu amene thupi lawo limadana ndi mtedza, pali odwala shuga ofuna kudziwa ngati mwathiramo shuga. Mawu ang'onoang'ono olembedwa mopotokola pa botolo lozungulira sawathandiza. Kusindikizanso malebulo chikwi chimodzi chifukwa oyamba akanidwa ndi ndalama imene mukadagulira mtedza wa mwezi wathunthu.

Pamsewu ndi pa khomo la maliro

Chikwangwani cha pamsewu chili ndi masamu ake. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi iliyonse. Dalaivala amakupatsani sekondi imodzi kapena ziwiri, diso lina lili pa kabaza amene ali kutsogolo kwake. Amisiri a zikwangwani ali ndi lamulo lawo lapakamwa loti pa mamita atatu aliwonse a mtunda, chilembo chitalike masentimita awiri ndi theka. Lamuloli ndi la zilembo zowongoka. Zolumikiza zimafuna kukula koposa apo. Choncho ngati malo ndi ochepa, mawu onena chimene mukugulitsa ndiwo atenge malo aakulu m'zilembo zowongoka: MATAYALA, SIMENTI, NSIMA, MALO OGONA. Dzina lanu lokongolalo likhale pamwamba. Munthu wa njala sakufuna kudziwa kuti ndinu Tadala, akufuna kudziwa ngati pali nsima. Adzaphunzira dzinalo akakhuta.

Ndipo si malonda onse amene amafuna kumwetulira. Zilembo zosewera zimakhala pamalo pake pa keke, mandasi, juwisi, ayisikilimu, zovala za ana, saluni, sukulu ya mkaka, malo ojambulira zithunzi ndi okongoletsa maukwati. Wogula zinthu zimenezi akugula chisangalalo. Koma wogula feteleza, mankhwala a mbewu, mankhwala a ziweto kapena zitsulo za galimoto akufuna kutsimikiza kuti katunduyo si wachinyengo, ndipo zilembo zovinavina zimamukayikitsa. Wosunga ndalama za anthu, kaya ndi ejenti kaya ndi gulu la banki m'khonde limene lakula n'kuyamba kusindikiza malisiti, asaoneke ngati akusewera. Okhoma mabokosi a maliro ndi osindikiza mapologalamu a maliro ndisachite kunena. Ndidalandirapo pologalamu ya maliro a munthu wamkulu wolemekezeka yolembedwa m'zilembo zomwezo zimene ndidaziona dzulo lake pa bokosi la keke ya tsiku lobadwa la mwana. Wosindikizayo sadafune kunyoza, adangosankha zimene zidamukongolera pakompyuta.

Anzathu akunja adakhumudwapo pa mwala womwewu. Comic Sans, fonti yooneka ngati dzanja la mwana imene ili m'makompyuta ambiri, adaikonza ndi Vincent Connare ku Microsoft mu 1994. Iye adaona kagalu kojambula ka m'pologalamu ina ya kompyuta kakuyankhula m'zilembo za Times New Roman, zilembo za nyuzipepala, ndipo adaona kuti sizikuyenerana. Adakonza zilembo zotengera za m'mabuku a nthabwala zojambula. Pa ntchito imeneyo zidali zabwino. Vuto lidadza pamene anthu adayamba kulembera makalata a ofesi, zidziwitso za kuchipatala ndi machenjezo. Mu July 2012, asayansi a ku CERN polengeza za kupezeka kwa kanthu kotchedwa Higgs boson, imodzi mwa nkhani zazikulu za sayansi m'zaka zimenezo, zina mwa zolemba zawo zidaonetsedwa mu Comic Sans, ndipo anthu ambiri pa intaneti adatha tsikulo akukambirana za zilembo m'malo mwa sayansiyo.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha Johnson & Johnson. Kampaniyi idagwiritsa ntchito dzina lolembedwa pamanja kuyambira mu 1887. Mu 2023, itapatula mbali yopanga zinthu za m'nyumba n'kutsala ndi mankhwala ndi zipangizo za kuchipatala, idasiya zilembo zopotokolazo n'kutenga zowongoka. Koma pa zinthu za ana zogulitsidwa m'masitolo, dzina lolembedwa pamanja lidatsalabe. Kwa mayi wosambitsa khanda, dzanja. Kwa dokotala wogula zida za opaleshoni, zilembo zowongoka.

Musanapite kukasindikiza

Si fonti iliyonse yopezeka pa intaneti imene ndi yaulere pa malonda. Pa masamba ngati DaFont, zambiri zimalembedwa kuti n'zaulere pa ntchito za iwe mwini zokha, kutanthauza kuti mukhoza kulembera khadi la mnzanu koma osati lebulo ya katundu wogulitsa, pokhapokha mutalipira mwini wake. Wa benchi la pamsika mwina palibe amene adzamufunse. Koma amene mukulota zotumiza uchi kapena tiyi kunja, kapena zokaonetsa katundu pa chionetsero cha malonda ku Chichiri, yambani ndi zoyera. Mafonti ambiri a pa Google Fonts, kuphatikizapo Pacifico, Lobster ndi Oswald, ali pansi pa chilolezo chotchedwa SIL Open Font License, chomwe chimalola kugwiritsa ntchito pa malonda popanda kulipira.

Popita kwa wosindikiza musatenge fayilo ya Word. Ngati kompyuta yake ilibe fonti yanu, imaika ina mwakachetechete, ndipo mudzazindikira mapepala atatuluka kale. Tengani PDF. Muuzeni asindikize pepala limodzi kaye, mulidule, mulimate pa botolo lenilenilo, chifukwa chooneka chachikulu pafoni chimachepa chikazungulira botolo. Funsaninso za inki. Makina a inki yamadzi ndi otchipa, koma lebulo yake ikalowa m'bokosi la madzi oundana pamodzi ndi thobwa kapena juwisi imasungunuka, ndipo timizere towonda ta zilembo zolumikiza ndito timayamba kutha. Makina a leza kapena sitika ya pulasitiki amapirira chinyezi. Pa chidindo cha labala, pa nsalu yopeta ndi makina ndi pa zilembo zodula zomata pagalasi, malupu ang'onoang'ono amatsekeka kapena kung'ambika, choncho sankhani fonti yonenepa. Ndipo musaike zilembo zachikasu pa pepala loyera kapena zofiira pa lobiriwira. Dzuwa la October likawomba chikwangwani miyezi ingapo, mitundu yofiira ndi yachikasu ndiyo imayamba kufwifwa.

Pali vuto lina limene ulere umabweretsa. Fonti imene mwaipeza inu mosavuta, mnzanu wa benchi loyandikana naye waipezanso. Yendani mumsika wa Limbe muwerenge masaluni ndi ophika makeke amene maina awo alembedwa mofanana ndendende. Zilembo zomwe zidabwera kudzanena kuti pano pali munthu wakutiwakuti zayamba kunena kuti pano pali foni yokhala ndi Canva. Kasitomala amene adakonda keke yanu pa chinkhoswe akhoza kukaoda kwa wina poganiza kuti ndi inu.

Mankhwala ake ali pafupi, ndipo ambiri tawaiwala. M'tauni iliyonse ndi pa malo a malonda aliwonse pali mmisiri wa zikwangwani, uja amalemba maina pa minibasi, pa magolosale ndi pa makoma a sukulu ndi bulashi ndi kachitini ka penti. Zimene Smith ndi Adams ankayesa kutengera ndi ntchito ya anthu ngati ameneyu. Ambiri mwa iwo ntchito yawachepera chibwerereni makina osindikiza zinsalu zapulasitiki. Pitani kwa mmodzi, mumupemphe akulembereni dzina la bizinesi yanu katatu kapena kanayi ndi penti yakuda pa pepala loyera. Iye amadziwa Chichewa. Akafika pa mwemwe wa Chimwemwe adzatalikitsa yekha zilembo, adzakuza w kuti asiyane ndi m, chifukwa wakhala akuona anthu akuwerenga ntchito yake ali pa njinga. Sankhani limene lakukomerani, mulijambule bwino pamalo owala, ndipo wa kompyuta akhoza kuliyeretsa n'kulisandutsa chizindikiro choika pa lebulo, pa lisiti ndi pa WhatsApp. Mugwirizane naye poyera kuti mudzaligwiritsa ntchito pa katundu wanu yense, ndipo mumulipire molingana ndi zimenezo, osati ngati walemba khoma limodzi. Dzina limenelo palibe wina angalipeze pafoni.

Kaya mwasankha fonti kaya mmisiri, yesani ntchitoyo pa anthu osakudziwani. Achibale sathandiza, amadziwa kale dzina ndipo safuna kukukhumudwitsani. Imitsani botolo pa benchi, muitane munthu wachikulire amene maso ayamba kuchepa mphamvu, mwana wa Sitandade 4 ndi munthu wodutsa wothamanga. Aliyense awerenge mokweza dzina, mtengo ndi nambala ya foni ali chiimire pamene kasitomala amaima. Musamuthandize. Akadodoma, akabwereza, kapena akayandikira kuti aone bwino, pamenepo ndi pofunika kukonza.

Mayi wa chiponde uja ndidawauza zimene ndidaona, ndipo poyamba sadakondwe, poti malebulo adali atalipira kale ndipo mwana wawo adagwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Sitidataye ngakhale imodzi. Adagula timasitika toyera tating'ono ta m'sitolo ya mabuku, n'kumata pamwamba pa mtengo wosindikizidwawo, n'kumalemba okha ndi maka wakuda. Nambala ya foni adailemba pa katoni yaikulu n'kuikhoma pa mtengo wa benchi. Dzina lidatsala momwe lidalili, lopendekera ndi michira yake, ndipo ndi lokongoladi. Mwanayo akuti malebulo akadzatha adzakonza ena okhala ndi kabokosi koyera ka mtengo, ndipo uchi adzausiyanitsa ndi tsabola pa mtundu wa pepala, chifukwa padakali pano mabotolo awiriwa ukawaonera kumbali amafanana.